Mwafunsa, Mayi: tidziwa bwanji kuti mpamba tinapereka uja wathandizadi?

Kalata ya sabata ino yabwera pa imelo kuchokera kwa mayi wina amene ndi mlembi wa gulu la amayi a mpingo ku Mchengautuwa, mumzinda wa Mzuzu. Akuti: "Chaka chatha mu Febuluwale tinapereka mpamba kwa amayi 40 ochita geni ya tomato, mandasi ndi usipa. Titawayendera mu Juni, 33 anatiuza kuti pakhomo pasintha. Koma amene anatipatsa ndalamazo akuti umenewu si umboni. Chaka chino tili ndi ndalama za anthu 60, pomwe olembetsa akwana 120. Akufuna umboni wotani, nanga ife amene sitinaphunzire za kafukufuku tingaupeze bwanji?"

Zikomo kwambiri Mayi. Amayi 33 aja sananame, ndipo ntchito mukugwirayi ndi yolemekezeka. Komabe opereka ndalamawo ali ndi mfundo, ndipo mfundoyo yagona pa miyezi iwiri mwatchulayo. Febuluwale ndi pachimake pa njala: chimanga chimakhala chakwera mtengo, makasitomala amagula tomato wa mulu umodzi m'malo mwa itatu. Pofika Juni anthu akolola, fodya akugulitsidwa ku okushoni, ndalama zikuyenda mu tauni muno kuyambira mumsika waukulu mpaka ku Zigwagwa. Mukanafunsa mayi amene sanalandire ngakhale tambala, nayenso akanati zinthu zasinthako. Ndiye mwa kusintha munaonako, mbali ya mpamba wanu ndi iti, ya nyengo ndi iti?

Palinso zina ziwiri. Amene amayamba kulembetsa zinthu ngati izi nthawi zambiri ndi amayi ochangamuka kale, amene geni yawo ikanakula ndithu. Chinacho ndi ulemu wathu uja. Munthu sangayang'ane m'maso mlembi amene anamupatsa ndalama n'kunena kuti "sizinandithandize", makamaka atamva mphekesera yoti kukubwera ulendo wachiwiri.

Funso limene ochita kafukufuku wa chitukuko amalimbana nalo ndi limodzi: munthuyu akanapanda kulandira, bwenzi lero ali pati? Munthu mmodzi sungamuone kawiri, atalandira ndi asanalandire, pa tsiku lomwelo. N'chifukwa chake pamafunika gulu lachiwiri la anthu ofanana ndi olandirawo pa chilichonse, kupatula thandizolo. Njira yodalirika yopezera magulu awiri otere ndi mayere, chifukwa mayere sadziwa wachangu, sadziwa mbale wake wa wapampando.

Izi si zachilendo m'dziko muno. Mtukula Pakhomo, pologalamu ya boma yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa, unayamba ngati choyesera ku Mchinji mu 2006. Pakati pa 2013 ndi 2015, akatswiri a Centre for Social Research ku Zomba pamodzi ndi a University of North Carolina anauyesa ku Salima ndi ku Mangochi. Mabanja oposa 3,500 anafunsidwa mafunso ndalama zisanayambe kutuluka, kenako magulu 29 a midzi anagawidwa mwa mayere: 14 anayamba kulandira, 15 anadikira kufikira kafukufuku atatha. Powayerekeza, olandira ankadya bwinoko, anagula nkhuku ndi mbuzi, ndipo ana awo ambiri anali pasukulu. Umboni wa mtundu umenewu ndi umene umathandiza kuti boma ndi mabungwe apitirize kuikamo ndalama.

Kuno kumpoto kunachitikanso zofanana. Kuyambira 2009 mpaka 2011, midzi 46 ya ku Karonga inagawidwa pawiri, theka n'kuyambitsidwa banki mkhonde, theka n'kudikira. Patatha zaka ziwiri, m'midzi ya banki mkhonde anthu ankadya kangapo patsiku kuposa anzawo aja, ndipo ankaika ndalama zambiri ku ulimi. Kusiyanako sikunali kwa usiku ndi usana ayi. Kunali kochepa koma koona, ndipo n'kumene mapologalamu ambiri abwino amabweretsa. Musadzagwe mphwayi mukadzapeza zotero.

Koma kafukufuku amene ndikufuna mumusunge mumtima ndi wa ku Zomba. Mu 2008 ndi 2009, atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 pamodzi ndi makolo awo ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi. Ena ankalandira pokhapokha mtsikanayo akamapita kusukulu, ena ankalandira popanda lamulo lililonse, ena sankalandira. Ndalama za lamulo zija zinasunga atsikana ambiri m'kalasi. Zopanda lamulo ndi zimene zinachepetsa kwambiri mimba ndi maukwati, chifukwa mtsikana wosiya sukulu ankakhalabe ndi kangachepe m'manja. Ofufuzawo atabwereranso patatha zaka ziwiri ndalama zitasiya, anapeza kuti phindu lambiri lazimiririka: atsikana a gulu lopanda lamulo anakwatiwa ndi kutenga mimba posakhalitsa ndalama zitaduka, ngakhale ana amene anabadwa nthawi ya thandizo ija ankakula bwinoko. Akanati ayese kamodzi kokha n'kutseka mabuku, dziko likanamva theka la nkhani. Inu munayesa patangotha miyezi inayi. Mpamba umayesedwa bwino utadutsa m'nyengo ya njala, pamene mayi amakakamizika kudya ndalama ya geni.

Tsopano ku zimene mungachite. Vuto mukuliona ngati mutu wopweteka, la anthu 120 pa malo 60, ndi mwayi wanu waukulu. Poyamba unikani onse 120 ndi muyeso umodzi, ndipo osayenera achotsedwe mayere asanachitike. Kenako, wina aliyense asanadziwe ngati alandira, afunseni onse mafunso oyamba. Dongosolo limeneli musalitembenuze. Munthu akadziwa kuti wapambana amayankha mwina, akadziwa kuti wagwa amayankhanso mwina. Mafunso akatha, itanani onse pamalo amodzi, pakhale a mpingo ndi bulokulida, mayina alembedwe pa timapepala tofanana, tipindidwe, tiikidwe m'ndowa, mwana wamng'ono azitola mmodzimmodzi anthu akuona. Nenani poyera kuti otsalawo ndiwo adzakhale oyamba ndalama zina zikadzapezeka, koma musalonjeze tsiku limene mulibe nalo mphamvu. Ndipo mayere akagwa agwa. Mukasinthanitsa dzina limodzi chifukwa mayi wina walira kapena ndi mlamu wake wa msungichuma, magulu aja sakhalanso ofanana. Ngati alipo ovutikitsitsa amene simungalole kuti adikire, apatseni padera poyambirira, ndipo asawerengedwe m'kafukufuku.

Chenjerani ndi amayi ogulitsa pa benchi limodzi kapena okhala pa lendi imodzi. Wolandira amabwereketsa mnzake, kapena amamulanda makasitomala, ndiye kusiyana kwa awiriwa kumasokonekera. Ngati alipo otere, alembeni pa kapepala kamodzi kuti agwere mbali imodzi.

Mafunso akhale ochepa, osapitirira mphindi 30. Musafunse kuti "mumapeza ndalama zingati pamwezi?" Wa geni sasunga chiwerengero chotere, ndipo amene akuchidziwa amabisa. Ngakhale a National Statistical Office, ofesi ya boma ya ziwerengero, poyesa umphawi amawerengera zimene banja ladya ndi kugwiritsa ntchito, osati malipiro. Umu ndi mmene anapezera, pa kafukufuku wa 2019/2020, kuti anthu 50.7 pa 100 alionse m'Malawi anali osauka. Inunso funsani zogwirika: dzulo pakhomo panadyedwa kangati? Pa masiku 7 apitawa, ndi masiku angati munadya nsomba, nyama, mazira kapena nyemba? Katundu wa geni amene muli naye lero mungamugule ndalama zingati kooda? Sabata yatha munapita kumsika masiku angati? Muli ndi ngongole ya katapila? Lendi muli nayo m'mbuyo miyezi ingati? Ana angati anabwezedwa kusukulu teremu ino chifukwa cha ndalama? Masiku 7 ndi abwino chifukwa munthu amakumbukira. Mukafunsa za chaka chonse amangoponya nambala kuti musangalale.

Mawu oti "banja" muwamasulire musanayambe: anthu odyera m'poto umodzi ndi kugona pakhomopo. Popanda kutero wina awerengera ana ali kumudzi ku Mzimba, wina asiya mphwake amene akudya naye tsiku lililonse. Komanso muno mu Mzuzu ambiri amamasuka m'Chitumbuka, ena m'Chitonga kapena m'Chinkhonde. Mafunso amasuliridwe papepala kamodzi, wina amene sanaone oyambawo awabwezere m'Chichewa kuti muone ngati tanthauzo silinathawe, osati wofunsa aliyense azimasulira za m'mutu mwake pakhomo pa munthu. Yesani mafunsowo pa amayi 8 kapena 10 a ku dera lina, monga ku Chibavi, musanawagwiritse ntchito.

Ofunsa asakhale a komiti. Pezani achinyamata awiri kapena atatu osadziwika m'deralo, mwina ophunzira a ku Mzuzu University (Mzuni), ndipo asauzidwe kuti walandira ndani. Munthu aliyense auzidwe kuti ali ndi ufulu wokana, kuti mayankho ake sasintha mwayi wake wolandira, ndipo mayina asungidwe pa pepala lina, mafomu akhale ndi manambala okha. Ngati mukufuna kudzasindikiza zotsatira, chilolezo chimatengedwa kafukufuku asanayambe, ku komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa monga ya ku Mzuzu University kapena ya pansi pa National Commission for Science and Technology.

Mafunso achiwiri adzafunsidwe mwezi womwewo chaka chamawa, mawu ake omwewo, magulu onse awiri m'masabata awiri omwewo. Apa ndi pamene kafukufuku wa m'tauni amafera. Anthu a lendi amasamuka: wa ku Mchengautuwa lero, mawa ali ku Zolozolo, wina wabwerera kumudzi, wina wapita ku Joni. Ndipo osowawo si osowa mwangozi, kawirikawiri ndi amene geni inagwa. Mukapeza opambana okhaokha, lipoti lanu lidzakoma koma lidzakhala labodza. Choncho pa ulendo woyamba lembani manambala a foni atatu (wake, wa mbale, wa mnansi), dzina limene amadziwika nalo pamsika, mpingo wake ndi mudzi wa kwawo. Muziwaimbira miyezi itatu iliyonse. Pa anthu 120, osowa akapitirira 12 yambani kuda nkhawa, makamaka akachuluka mbali imodzi.

Za mitengo musaziiwale. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene anayerekeza ndalama za chaka chimenecho ndi za chaka chotsatira anaona "phindu" limene kunalibe. Gulu lodikira lija limakutetezani pamenepa chifukwa mitengo imakwerera onse. Komabe lembani mtengo wa thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa ulendo uliwonse, kuti muthe kunena kuti mpamba wa mayi unali wokwana matumba angati kale, ndipo pano ndi angati.

Masamu ake si ovuta. Tiyerekeze kuti olandira ankadya ndiwo za nsomba kapena nyama masiku 2 pa sabata ndipo pano ndi masiku 4, pomwe odikira achoka pa 2 kufika pa 3. Ntchito ya mpamba wanu ndi tsiku limodzi, osati awiri. Dziwaninso malire anu: anthu 60 mbali iliyonse amaonetsa kusintha kwakukulu kokha. Kusintha kwakung'ono kumafuna anthu pafupifupi 400 mbali iliyonse. Ndiye mukadzapeza kusiyana kochepa, lembani momwemo kuti chiwerengero chinali chochepa, osanena kuti pologalamu yalephera kapena yapambana. Sankhaniranitu lero zinthu zitatu zimene mudzaweruzire ntchitoyi, muzilembe m'buku la miniti, kuti chaka chamawa musadzangotola funso limene latuluka bwino.

Nkhani za amayi eniake musazitaye. Manambala adzakuuzani ngati mpamba wathandiza, koma chifukwa chake mudzachimva mukakhala pamkeka ndi amayi 6 amene geni yakula ndi 6 amene yagwa, n'kuwafunsa kuti ndalama inapita kuti sabata yoyamba, ndani anadwala, bambo anatengapo zingati. Mwina mudzapeza kuti vuto si kuchepa kwa mpamba koma mwezi umene mumaupereka.

Ngati ndalama za anthu 60 zija zikadali ku akaunti, Mayi, pemphani komiti idikire masabata atatu: imodzi yokonza ndi kuyesa mafunso, ziwiri zofunsa amayi onse oyenera. Mayere achitike Loweruka lotsatira.