Alamu, za jakisoni wa mtsikana wathu uja

Alamu, ndamva uthenga wanu, woti mwapeza kabuku ka kuchipatala m'chikwama cha mwana, ndiye kakusonyeza kuti anabayitsa jakisoni wolera. Mukufunsa ngati adzaberekenso. Mtima pansi, jakisoni saumitsa munthu ayi.

Wa Depo uja amagwira ntchito miyezi 3. Akadzasiya, mimba imatha kuchedwa miyezi ingapo, ena mpaka chaka, koma imabwera. Msambo ukamabwera mwa apo ndi apo kapena kusiyiratu, si kuti magazi akuundana m'mimba. Mkati mwa chiberekero simukukhuthala monga kale, ndiye palibe choti chituluke. Angosunga tsiku lobwerera lomwe amulembera m'kabukumo.

Koma alamu, chondidetsa nkhawa ine ndi china. Jakisoni amatchinga mimba basi. HIV, chindoko, chinzonono, zonsezo zimadutsa. Ndipo chinzonono kwa mtsikana nthawi zambiri chimakhala chete, osamva kuwawa kulikonse, chikukwera pang'onopang'ono mpaka kutseka njira za mazira. Kusabereka komwe mukuopako kumachokera kumeneko. Ndiye kondomu ndiyofunika nthawi iliyonse, ngakhale jakisoni alipo kale.

Mumuuze bwinobwino, osamuzungulira. Ayang'ane deti papaketi, asang'ambe ndi mano. Mnyamatayo avale asanakhudzane n'komwe, osati pakati. Atsine kansonga kaja kuti mpweya utuluke, chifukwa mpweya ndi umene umaphulitsa. Osavala awiri, amakhulana n'kung'ambika. Vaselini, mafuta odzola kapena ophikira, ayi, amafewetsa mphira. Ndipo kondomu yomwe yagona milungu m'thumba lakumbuyo la thalauza, yotenthedwa, ndi yotaya. Akamaliza, mnyamatayo agwire m'munsi mwa kondomu potulutsa, asanafooke.

Ikaphulika, asadikire mawa. Athamangire kuchipatala akapemphe PEP, mankhwala oteteza ku HIV. Amayenera kuyamba pasanathe maola 72, n'kumwa masiku 28 osadumphitsa. Ngati tsiku la jakisoni linadutsa kalekale, apemphenso mapiritsi olera a pangozi. Amenewo akamwa msanga ndi pomwe amathandiza kwambiri, masiku 5 asanadutse.

Akaona chikazi chonunkha kapena chosintha mtundu, kachilonda kumaliseche ngakhale kosawawa, kapena kutentha pokodza, apite akayezedwe, osagula makapisozi pagolosale. Kachilonda ka chindoko kamapola kokha koma matenda ali m'magazi. Mnzakeyo alandirenso mankhwala, apo ayi amupatsiranso. Zipatala zambiri za boma zili ndi malo a achinyamata, ndipo makondomu ndi aulere. Muonenso m'kabukumo ngati analandira katemera wa HPV, woteteza khansa ya khomo la chiberekero.

Chonde alamu, musamukalipire. Mukamukalipira asiya jakisoni, koma chibwenzi sasiya. Mukhale naye pansi awiriwiri, kapena ndibwere Loweruka tikambe naye limodzi. Ndipo nkhaniyi ithere pagulu lathu la azimayi lino, isafike kwa amalume ake.