Kodi plagiarism pa Chichewa timati chani?

Funso la sabata ino lachokera kwa mtsikana wina wa pa yunivesite kuno ku Joni, amakhala ku Braamfontein. Akuti: "Ankolo, assignment yanga ndaiponya mu Turnitin (pulogalamu ya pa kompyuta imene mayunivesite amagwiritsa ntchito pofufuza plagiarism) yabwera ndi 24%, ndimafuna ndiwafotokozere amayi pa WhatsApp koma mawu andisowa. Ndinene kuti andigwira ndikubera?"

Mwana wanga, usawauze choncho amayi, ungawakwezere BP pachabe. Kubera ndi zija za likasa, kulowa nalo mmayeso a MANEB utabisa mu sokosi. Kuonera ndi kuponya diso pa pepala la mnzako. Kukopera pakokha si mlandu ayi, tonsefe takula tikukopera manotsi pa bolodi aphunzitsi ataima pompo.

Plagiarism ndi kutenga mawu kapena maganizo a munthu wina nkumaonetsa ngati ndi ako, mwini wake osamutchula. Ine ndimati kuba nzeru za eni, ndipo mawu oti eni ndi amene anyamula nkhani yonse, chifukwa ngakhale utembenuze ziganizo zonse mpaka zisazindikirike, ganizolo likadali ndi mwini wake ndipo ayenera kutchulidwa. Mawu achingereziwo anachokera ku Chilatini, plagiarius, munthu wakuba anthu, ndipo mlakatuli Martial wa ku Rome ndi amene anamutchula choncho munthu amene ankalakatula ndakatulo za Martial yemweyo ngati zake zomwe.

Tsono pa 24% yakoyo ndipamene ambiri timalakwitsa Chichewa, ndimamva ana akuti "Turnitin yandigwira" ndipo zimandipweteka. Pulogalamuyi, yomwe inayamba ku California mu 1998, siigwira wakuba, imangofananiza zomwe walemba ndi zomwe zili pa intaneti, mmajenolo (magazini a kafukufuku) komanso mmapepala a ophunzira ena amene anaperekedwa kale, kenako nkupaka utoto malo ofanana. Nchifukwa chake lipoti lake amalitcha similarity report, kunena kuti kufanana. Maina a mabuku kumapeto kuja amatha kupakidwa utoto, mawu amene wawaika bwinobwino mu quotation nawonso, pomwe wina akhoza kupeza 5% koma ndime imodziyo anaiba ndithu. Woweruza ndi lecturer akawerenga.

Ndiye amayi uwauze kuti: "Kompyuta yapeza malo ena ofanana ndi zolemba za anthu ena, ndikuonanso ngati eni ake ndawatchula onse." Ukatero tsegula lipotilo uyende malo opakidwa utotowo amodziamodzi usanapereke.