Ukufuna ku fiyeta? Yamba waphunzira kuwerenga thonje

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Area 25. Digiri ya unamwino waitenga ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi wakhoza, tsopano akudikira ntchito. Akuti mtima wake uli ku fiyeta, kumene amachitira opareshoni, chifukwa ku wodi odwala ndi ambiri, magadiyani ndi ovuta, ma naiti ndi otopetsa. Bambo ake akuti asataye nthawi ndi "zopatsira madokotala sizasi", ayambe kukonza mapepala a ku UK. Funso lake ndi lakuti munthu watsopano amalowa bwanji ku fiyeta.

Makalata otere sandisowa anamwino akangomaliza sukulu, amangosiyana mayina. Mwana wanga, chifukwa chimene wapereka chandikwiyitsa pang'ono. Ngati ukuthawira ku fiyeta kuti ukapume, wasochera. Mayi amene mwana wapingasa m'mimba sadikira kuti kuche. Ku Bwaila kapena ku Ethel Mutharika Maternity Wing ku chipatala cha Kamuzu Central, opareshoni za siza, zotulutsa mwana m'mimba, zimachitika usana ndi usiku womwe. Udzaima maola atatu miyendo ikuwawa, mphuno ikuyabwa kuseri kwa masiki, koma osaikanda chifukwa manja ali m'magolovesi.

Ndipo sudzayambira pa tebulo. Amene amaima pambali pa dokotala, wotchedwa scrub nurse, amasamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kuvala gauni yophikidwa, n'kuyala zida mwa dongosolo loti dzanja lizipeza chofunika maso ali kwina. Watsopano amayamba ndi kuthamangathamanga: kutsegula mapaketi osakhudza zamkati, kukonza nyali, kulemba nthawi, kuona ngati tepi ya pa paketi yochokera mu makina ophikira zida otchedwa autoclave yachita mizere yosonyeza kuti inalowadi mu nthunzi. Zida zimaphikidwa pa madigiri 121 kapena 134, ndipo paketi yonyowa kapena yong'ambika imabwezedwa ngakhale dokotala akhale akupupuluma chotani.

Koma mtima wa ntchitoyi ndi kuwerenga. Thonje lopukutira magazi, singano ndi zida zimawerengedwa mokweza ndi anthu awiri asanayambe kung'amba, asanatseke m'mimba, komanso asanasoke khungu. Tinene kuti munayamba ndi ma swab 10, thonje lija, pomaliza mwapeza 9. Pamenepo mtsikana wa zaka 23 ayenera kutsegula pakamwa n'kuuza dokotala wa imvi kuti, "Dikirani a dokotala, limodzi silikuoneka." Onse amaima. Mumafufuza mu ndowa, pansi pa nsalu, pansi pa nsapato, mpaka m'mimba momwemo. Ulemu umene tinaleredwa nawo, wosayankha akulu, pamalo amenewa ungachititse kuti mayi abwerere kwawo ku Mitundu ndi thonje m'mimba, kenako mafinya, kenako opareshoni ina. N'chifukwa chake ndandanda ya mfundo 19 imene bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa mu 2008 imalamula gulu lonse kuima katatu: wodwala asanagonekedwe, mpeni usanakhudze khungu, ndi wodwala asanatuluke m'chipindamo. Amafunsana ngati wodwalayo ndi yemweyo, ngati mwendo woti uchitidwe ndi womwewo. Kawirikawiri wowerenga ndandandayo amakhala namwino.

Inu bambo, mwamva? Zimenezo ndiye mukuti kupatsira sizasi? Za ku UK'zo tiyeni tinene chilungamo. Kuti munthu alembetsedwe kumeneko pafunika mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, mayeso a pa kompyuta, kenako ena a manja otchedwa OSCE, ndipo zonsezi ndi ndalama. Dziko la Malawi lili pa mndandanda wa WHO wa mayiko 55 osowa ogwira ntchito zaumoyo, umene unatuluka mu 2023, kotero mabungwe a ku Britain saloledwa kubwera kudzakopa anamwino kuno. Munthu angafunsire yekha, inde, koma mwana amene sanagwirepo ngakhale chaka chimodzi akanena kuti amadziwa chiyani? Wina wa pa Facebook akakuuzani kuti mutumize ndalama akukonzereni njira, gwirani thumba lanu. Musagulitse puloti chifukwa mwana wa aneba anatumiza chithunzi ali mu chipale chofewa.

Tibwerere kwa iwe. Poyamba susankha wekha, amakuika ndi a matironi malinga ndi pamene pali kusowa. Akakuika ku wodi ya odwala a opareshoni kapena ku leba, usakwinye nkhope, khomo la fiyeta ndi limenelo. Ndi kumene udzaphunzire kukonzekeretsa wodwala: fomu yovomera yasainidwa kodi, wadya liti komaliza, magazi ake ali bwanji. Ndi kumene udzadziwe maonekedwe a munthu amene akutaya magazi mkati, makina asanalire. Ukamaperekeza wodwala ku fiyeta, pereka lipoti lomveka, ndipo uwauze a in-charge akumeneko kuti uli ndi chidwi. Anthu amakumbukira namwino amene sabweretsa wodwala wopanda fayilo.

Chimene ine ndimakhulupirira kwambiri, ngakhale achinyamata a mu Lilongwe safuna kuchimva, ndi kuvomera kupita kunja kwa tawuni. Ku Dowa, Ntchisi, Mchinji, kapena zipatala za mipingo za CHAM ngati Nkhoma, gulu la ku fiyeta limakhala laling'ono. M'zipatala za m'maboma opareshoni zambiri amachita ndi ma clinical officer, ndipo namwino amagwira mbali zonse, kuyambira kutsuka zida mpaka kuyang'anira wodwala akutsitsimuka. Ku Central zida zilipo zambiri ndi opareshoni zazikulu, koma mzere wa ofuna kuphunzira nawonso ndi wautali. Ukakana malo chifukwa kulibe Gateway Mall, usadzandilemberenso kudandaula kuti ntchito kulibe.

Komabe kalata yako inali yolongosoka, ndipo wafunsa usanadumphe, zimene anzako ambiri sachita. Mwina ungathe. Pamene ukudikira kuitanidwa, gula kope laling'ono, ujambule zida zonse za pa tileyi ya siza, ulembe dzina la chilichonse ndi ntchito yake, uziloweze mpaka uzitha kuzitchula wina atakudzutsa pakati pa usiku. Ukagwira miyezi isanu ndi umodzi undilemberenso, undiuze ngati wayamba kulankhula mokweza powerenga.