Za kukwera boti la mwini pa mpikisano wa bass

Achimwene, mwafunsa ngati mulembetse pa mpikisano wowedza nsomba za bass pamene mulibe boti lanulanu. Lembetsani ndithu, koma musanapereke ndalama yolowera mumve kaye zimene zinandionekera ine pa damu la Albert Falls. Nanenso ndinalowa mpikisano wanga woyamba wa m'chigawo monga mukufunira kulowera inumu, wopanda boti langalanga, wodalira kuti maere andipatsa munthu wabwino wokwera naye. Mpaka lero ndikamva pampu ya livewell, kathanki ka m'boti kosungiramo nsomba zamoyo, yasiya kulira mtima umandigunda, ngakhale botilo likhale la munthu amene sindikumudziwa.

Amene mumakhala ku KwaZulu-Natal mukulidziwa damuli, lili pa mtsinje wa uMngeni kufupi ndi Pietermaritzburg, ndipo mukudziwanso mmene kumatenthera kumeneko mu February. Madzulo a tsiku loti mawa lake tipikisana, pa msonkhano wofotokoza malamulo, dzina langa linagwera kwa bambo wina amene sindimutchula, mwini boti lonyezimira la injini yaikulu ndi makina awiri oonera pansi pa madzi. Anzanga anandigwira dzanja kuti ndachita mwayi, ndipo inenso ndinagona ndikumwetulira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malamulo anali omwe aja mumawadziwa: nyambo zopanga zokha, nsomba zisanu pa munthu, iliyonse yosachepera masentimita 30, ndipo zifike pa sikelo zili zamoyo. Yakufa inkachotsetsa kulemera, komanso ikafera m'boti sunkaloledwa kuitaya kuti ulowetse ina m'malo mwake. Lamulo lomalizali ndinalimva ndi khutu limodzi, osadziwa kuti ndi limene lidzandigwetse.

M'mawa zinayamba bwino moti ndinkadzikayikira. Bambo uja anali kutsogolo, phazi lili pa trolling motor, kainjini ka magetsi koyendetsera boti pang'onopang'ono, ndipo ankaimika boti mwakuti mitengo yonse yomira m'madzi ikhale kumaso kwake, ine kumbuyo ndingoponya m'madzi amene iye wadutsamo kale. Sindinadandaule, chifukwa ndi mmene wokwera boti la mwini amakhalira. Ndinamanga nyongolotsi ya pulasitiki yobiriwira pa Texas rig, kamangidwe kobisa nsonga ya mbedza m'nyamboyo, n'kumaikoka pang'onopang'ono pansi, cha kumene madzi akuyamba kuzama, popeza m'nyengo yotentha bass zikuluzikulu zimathawa madzi osaya dzuwa likangokwera. Pofika cha m'ma 10 koloko ndinali nditakwanitsa zisanu, ndipo imodzi inali yaikulu kuposa bass iliyonse imene ndinagwirapo, yoyandikira makilogalamu 3, pakamwa pake poti chibakera changa chinkalowa. Iye anali ndi ziwiri zokha. Anandiyamikira ndi mawu, koma nkhope yake inali itasintha.

Cha m'ma 11 koloko ndinazindikira kuti m'boti muli zii, kaphokoso ka madzi othira mu livewell kanali katasiya. Ndinafunsa mwaulemu ngati pampu ili bwino. Anayankha osatembenuka kuti waizimitsa dala, chifukwa batire likutha ndipo akuopa kuti injini ikana kulira pobwerera, n'kuwonjezera kuti phokosolo likuthamangitsa nsomba zake. Anati aziyiyatsa mwa apo ndi apo. Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndikuvomera. Ndinaleredwa kuti m'nyumba ya mwini sukweza mawu, ndiye ndinangoti chabwino bwana, n'kubwerera kukaponya mbedza. Maola awiri athunthu ndinakhala pa chivindikiro cha livewell yomweyo, dzuwa likuswa mtengo, ndikudziuza kuti munthu wa boti lodula chotere sangalephere kudziwa kasungidwe ka nsomba.

Nditatsegula chivindikirocho cha m'ma 1 koloko, fungo ndi limene linayamba kundifikira. Madzi anali ofunda ngati osamba khanda, pamwamba pali thovu loyera ndi tizidutswa ta nkhanu timene nsombazo zinasanza. Yaikulu ija inali chagada, mimba yoyera ili m'mwamba, zopumira zake za m'mbali mwa mutu zikutseguka kamodzi pakapita nthawi yaitali, ndipo m'kati mwake munali motuwa m'malo mofiira. Ndinaigwira pa mlomo wa m'munsi monga timachitira, koma sinagwedeze ngakhale mchira, khungu lake linali litauma kuterera konse kutachoka. Ndinadula botolo langa la madzi akumwa ndi mpeni, n'kuyamba kukapa madzi ofundawo ndi kuthiramo a m'damu, nditagwada pa kapeti yotentha, thukuta likulowa m'maso, dzanja lina litaigwira nsombayo kuti ikhale chilili. Ndinamupempha kuti ayatse pampu, ndipo anayatsa, koma panangomveka kulira kofooka popanda madzi otuluka. Pambuyo pake ndinaona kuti kasefa ka pampuyo kanali katatsekeka ndi udzu ndi mamba akale, kusonyeza kuti sikanatsukidwe kwa nthawi yaitali. Ndinati tibwerere kugombe tikapime zikadali ndi moyo, kapena tipite pakati pa damu pamene mphepo ikuwomba. Iye anati pali malo amodzi otsiriza amene akufuna kuyesa. Nsomba ija inafera m'dzanja langa iye akuponya spinnerbait, nyambo ya tizitsulo tozungulira, osacheuka n'komwe. Ziwiri zina zinatsatira pasanathe theka la ola.

Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti pa malo ake otsirizawo ndinagwira ina yabwino, yoposa ziwiri mwa zimene zinafazo, koma lamulo lija linandimanga manja. Ndikanatha kusinthanitsa ndi yamoyo yokha, ndipo zamoyo ziwiri zotsalazo zinali zolemera kuposa yatsopanoyo. Ndinaichotsa pa mbedza n'kuibwezera m'madzi.

Pa mzere wa sikelo aliyense amanyamula thumba lake la madzi, ndipo anthu amasuzumira m'matumba a anzawo. Langa linali ndi mimba zitatu zoyera. Wopima anazikhudza imodzi ndi imodzi, n'kulengeza pa chimkuzamawu kuti zitatu zafa. Atachotsa chilango ndinatsika kuchoka pamene ndikanakhala pakati pa oyambirira kufika kumunsi kwa ndandanda. Zimenezo ndikanazipirira, chifukwa mpikisano ndi mpikisano. Koma ndikutsuka thumba langa ndinamumva bambo uja akuuza anzake kuseri kwa galimoto kuti mnyamata amene anamupatsa sadziwa kugwira nsomba, amazimezetsa mbedza mpaka kum'mero, n'chifukwa chake zinafa. Munthu amene m'mawa womwewo ndinamupatsa ndalama yanga ya mafuta yonse osadandaula, amene ndinamuthandiza kutsitsa boti pa ngolo kukadali mdima, ndi amene ankandiipitsira dzina pamaso pa anthu oti ndidzakumana nawo pa mpikisano uliwonse. Nsomba zonse zisanu zinakodwa pa mlomo, ndipo iye anaona ndi maso ake. Ziwiri zakezo zinapulumuka chifukwa zinali zazing'ono komanso zinali zokha mbali yake ya livewell. Okonza mpikisano nawonso sindiwasiya. M'mawa anayendera maboti kuona majekete oyandamitsa ndi chingwe chozimitsira injini, anatsegula livewell kuona ngati mulibe nsomba zobisa, koma palibe amene anati yatsani pampu tione ngati ikutulutsa madzi. Nditapita kukadandaula anandifunsa ngati ndalemba dandaulo m'nthawi yoikika, nthawi imene inali itadutsa ine ndikadali wosokonezeka mutu.

Mwina ena mukuseka kuti munthu wamkulu akulirira nsomba zitatu. Ndikumvetsa, chifukwa kwathu nsomba ikakodwa ndi ndiwo, ndipo tsiku limene ndinagwira bass yanga yoyamba pa damu la Luwawa ku Chikangawa sindinaganizeko zoibwezera m'madzi. Koma masewerawa maziko ake ndi nsomba yamoyo. Bungwe la owedza bass la B.A.S.S. limene Ray Scott anayambitsa ku America mu 1968 linayamba kulimbikitsa zobwezera nsomba m'madzi pa mipikisano yake mu 1972, ndipo livewell inafala m'maboti pa chifukwa chimenecho. Wobweretsa nsomba zakufa pa sikelo amaonedwa ngati wosasamala, ndipo mbiri imeneyo imakumamatira. Zitatuzo ndinapita nazo kunyumba, akazi anga anakazinga, ana anadya mokondwa, ine ndinadya nsima ndi masamba.

Tsono mukapatsidwa munthu wokwera naye, musanakweze ndodo zanu m'boti mupempheni ayatse pampu muone madzi akutuluka, ndipo mugwire kasefa ndi dzanja lanu. Safunsa anadya phula. Mufunsenso ngati pampuyo imadya batire limodzi ndi injini ndi makina oonera pansi, chifukwa pamenepo ndi pamene pamayambira mtima wofuna kuzimitsa. Madzi ofunda amasunga mpweya wa okosijeni wochepa: pa madigiri 20 lita imodzi imasunga pafupifupi mamiligalamu 9, pa madigiri 30 imasunga pafupifupi 7.5, pamene nsomba yotopa ndi kulimbana ndi mbedza imafuna mpweya wambiri kukatentha, ndipo yaikulu ndi imene imayamba kufooka. Nyamulani mabotolo awiri kapena atatu a madzi oundana, otseka bwino kuti madzi a pampopi a klorini asasakanikirane ndi a nsomba, ndipo muziikamo limodzi pa nthawi kuti madzi azizire pang'ono chabe, chifukwa kuzizira kwadzidzidzi nakonso kumapha, makamaka nsombayo ikadzabwezedwa m'damu lofunda. Nyamulaninso kachidebe kokapira madzi, musadzadule botolo ngati ine. Nsomba imene mwaikoka pozama ikamayandama chammbali pamene madzi ali abwino, vuto limakhala kathumba kake ka mpweya kamene katupa, ndipo kuboola kathumbako ndi singano ndi luso loti akuphunzitseni munthu wodziwa musanayese nokha. Chivindikiro muzitsegula theka la ola lililonse, ngakhale mwini boti akuyang'aneni moipa. Werengani malamulo onse, makamaka za nthawi yoperekera dandaulo, ndipo chiphaso chowedzera cha m'chigawo chimene muli damulo chikhale m'thumba.

Komabe musapite kumeneko ndi mtima wokangana. Mwini boti ndi mwini boti, walipira ngolo, inshuwalansi ndi mafuta oyendera damu masiku okonzekera, ndiye mupatseni ulemu wake. Musaponye kudutsa chingwe chake, musabwere ndi ndodo khumi zodzaza boti, zinayi zikukwanirani, ndipo ndalama ya mafuta muipereke asanakufunseni. Akakana zimene mwapempha musalimbane naye pamadzi, chifukwa tsiku ndi lalitali ndipo kugombe mubwerera ndi iye yemweyo. Ndikudziwa kuti kufatsa komweku ndi kumene kunapha nsomba zanga, koma ndaonanso anyamata okamwa akusowa wowatenga chaka chotsatira, chifukwa eni maboti amauzana. Ndinganenenso kuti musakwere boti la munthu wosamudziwa, koma pa mpikisano wa maere simusankha, ndipo zambiri zimene ndikudziwa lero, monga kuwerenga makina oonera pansi ndi kupeza m'mphepete mwa ngalande yakale ya mtsinje, ndinaphunzira nditakhala kumbuyo kwa anthu osawadziwa. Ngakhale bambo uja, m'maola awiri oyamba, anandisonyeza mmene amaimikira boti pa mphepo, ndipo ndimachitabe momwemo.

Chaka chotsatira maere anatsala pang'ono kundipatsanso yemweyo, dzina lake linatuluka motsatizana ndi langa n'kugwera mnyamata wina wa ku Durban. M'mawa kukadali mdima ndinamutsatira mnyamatayo pamene ankatsitsa katundu, ndinamupatsa mabotolo anga awiri oundana, n'kumunong'oneza kuti akafunse za pampu asanachoke pagombe.