Kwa mchimwene wa kabaza wa ku Namwera: kodi njinga ya trials ya four-stroke ndi yaulesi?

Mlungu wathawu ndalandira imelo kuchokera kwa mchimwene wina amene amayendetsa kabaza wa njinga yamoto pakati pa Mangochi boma ndi Namwera. Akuti wakhala akuonera pa foni makanema a anthu okwera miyala ndi njinga zopanda chishalo, zimene amati za trials, ndipo mtima wake wapita konko. Koma zimene okwerawo amanena zamusokoneza. Ena akuti ya four-stroke ndi yolemera ndiponso yaulesi, ena akuti pa nkhani yogwira pansi palibe inzake. Funso lake n'lakuti zoona zili pati, ndipo atati wasonkhanitsa ndalama n'kuitanitsa imodzi ku Joni, kodi ingamuthandize pa chikweza cha Chowe ndi m'tinjira ta ku Katuli?

Achimwene, zikomo kwambiri polemba. Funso lanu landikhudza chifukwa nanenso njinga zimenezi ndimazikonda. Nthawi imene ndinkagwira ntchito m'galaja ina ku Johannesburg ndinkakonza njinga zoterezi, ndipo eni ake ena ankanditenga Loweruka kukakwera nawo kumiyala. Ndinakwerapo mitundu yonse iwiri. Ndiye ndikuuzani zimene manja anga anamva, pamodzi ndi zimene okwera odziwa amanena.

Tiyambe ndi masewerawo, chifukwa mawu akuti mphamvu kumeneko satanthauza zimene timatanthauza ife pa siteji ya kabaza. Mu trials sapikisana liwiro. Amakupatsa kachigawo kakafupi ka miyala, mizu ya mitengo, matope kapena mtsinje, kuti udutse osaponda pansi. Ukaponda kamodzi akulembera 1, ukagwa kapena kulephera kumaliza akulembera 5, ndipo wopambana ndi amene ali ndi nambala yochepa. N'chifukwa chake njingazo zilibe chishalo, munthu amakwera ataimirira pa zopondera. Zimalemera makilogalamu pafupifupi 70, pomwe zathu za kabazazi zimapitirira 100. Tayala lakumbuyo amalisiya lofewa, mpweya wa 4 psi basi, kuti lizikumbatira mwala. Choncho wokwera trials akati njinga ili ndi mphamvu, akutanthauza mmene imayankhira akangogwedeza moto pang'ono ataima pamalo amodzi, kutsogolo kuli mwala wofika m'chiuno.

Mkangano wonse wagona pa mmene injini ziwirizi zimatulutsira mphamvuyo. Ya two-stroke, monga Yamaha DT ija ankayendera alangizi a zaulimi, imaphulitsa mafuta nthawi iliyonse injini ikazungulira kamodzi. Ya four-stroke, monga imene mukuyendetsa inuyo, imaphulitsa kamodzi pa kuzungulira kuwiri: pisitoni imakoka mafuta ndi mpweya, n'kupanikiza, n'kuphulika, kenako n'kutulutsa utsi. Kuti zimenezi zitheke pamafunika mavalavu, tcheni choyendetsa mavalavuwo, ndi oyilo wokhala m'injini momwemo. Zitsulo zonsezi zili ndi kulemera kwake, ndipo zina zimakhala pamwamba pa injini. Ndiye amene akunena kuti four-stroke ndi yolemera sakunama. Kusiyana kwake ndi makilogalamu ochepa chabe, koma ukamanyamula njinga ndi thupi lako tsiku lonse, kuidumphitsa tayala lakutsogolo kenako lakumbuyo, pofika madzulo mikono imakhala itadziwa.

Koma zaulesi zija ndikukana. Chimene chimachitika n'chakuti munthu wozolowera two-stroke akakwera four-stroke amaiyendetsa ndi dzanja lakale, kenako n'kuida njinga. Ndikupatseni chitsanzo. Pa two-stroke, ukafuna kukwera mwala umaipatsa moto, n'kusiya kilatchi, ndipo tayala lakutsogolo likangofika pamwamba umatseka moto, njinga imapitirira yokha n'kumaliza. Ukachita zomwezo pa four-stroke, utangotseka moto injini imakoka njinga m'mbuyo ngati wagwira buleki, tayala lakumbuyo limatsala pansi pa mwala, iwe chifuwa chili pa mahandulo. Zinandichitikira kangapo masiku oyamba, mpaka mkulu wina amene ndinkakwera naye anandiuza kuti ndizisiya moto wotsegula kanthawi pang'ono kufikira tayala lakumbuyo litakwera, ndipo ndikafuna kuchepetsa ndizigwira kilatchi m'malo motseka moto mwadzidzidzi. Kuyambira tsiku limenelo njinga yomweyo inasanduka ina.

Ndipo kukoka m'mbuyo komweko, kumene kumavutitsa pamwamba pa mwala, ndi mdalitso potsetsereka. Inu mukudziwa mmene mumatsikira pa Chowe mutanyamula munthu ndi thumba la chimanga, mumaika giya yaing'ono injini n'kumakugwirirani. Pa malo otsika a miyala yogubuduzika, four-stroke imatsika modekha osafuna buleki yambiri, pomwe two-stroke imafuna kuthawa nawe.

Chimene okonda four-stroke amaitamanda nacho kwambiri ndi kugwira pansi. Mphamvu yake imabwera mwadongosolo kuyambira pansi penipeni, siidumpha. Okwera amafotokoza kuti popeza kuphulika kumatalikirana, tayala limapeza mpata wogwiranso dothi lisanakankhidwe kachiwiri. Pa matope a mvula, pa udzu wonyowa, pa mwala wa ndere mumtsinje, ukhoza kuiyendetsa ndi moto wochepetsetsa, iyo n'kumangokwera thu, thu, thu, osazunguza tayala. Ine pamenepa ndili mbali yawo. Koma ena amanenanso, ndipo n'zoona, kuti ikangotaya kugwirako chifukwa waipatsa moto mwaukali, kuti igwirenso pamafunika luso. Imafuna dzanja lofatsa.

Mbiri ya masewerawa ikusonyeza kuti mkanganowu si wa lero. Ku Scotland kuli mpikisano wa masiku asanu ndi limodzi wotchedwa Scottish Six Days Trial, umene unayamba mu 1909, ndipo kwa zaka zambiri njinga zikuluzikulu za four-stroke za ku Britain ndizo zinkalamulira. Katswiri wina, Sammy Miller, ankapambana ndi Ariel ya 500cc. Kenako anasamukira ku kampani ya ku Spain ya Bultaco, n'kupambana mpikisano womwewo mu 1965 ndi njinga yopepuka ya two-stroke, ndipo anthu ambiri anamutsatira. Four-stroke inadzabwereranso ndi Eddy Lejeune wa ku Belgium, amene anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi mu 1982, 1983 ndi 1984 pa Honda. Pambuyo pake two-stroke inatenganso ufumu kwa zaka zoposa makumi awiri. Dougie Lampkin wa ku England, amene anapambana ukatswiri wa dziko lonse lapansi kasanu ndi kawiri motsatizana kuyambira 1997 mpaka 2003, maulendo onsewo anali pa two-stroke.

Zinthu zinasintha pamene kampani ya Montesa, ya ku Spain koma ili m'manja mwa Honda, inatulutsa njinga ya four-stroke yotchedwa Cota 4RT ya chaka cha 2005. Mu 2007 mnyamata wa ku Catalonia ku Spain, Toni Bou, anachoka pa Beta ya two-stroke n'kukwera Montesa, ndipo kuyambira chaka chimenecho wakhala akutenga ukatswiri wa dziko lonse lapansi chaka ndi chaka, wa panja ndi wa m'mabwalo otsekedwa womwe. Ndikukhulupirira kuti makanema ambiri amene mukuonerawo ndi ake. Njinga yaulesi singachite zimenezo.

Komabe ndikuchenjezeni pamenepa, chifukwa ambiri amapusitsika. Njinga ya Bou imakonzedwa mwapadera ndi akatswiri a kampani, si yofanana ndi imene mungagule m'sitolo. Ndipo ambiri mwa amene amapikisana naye ali pa two-stroke za GasGas, Sherco, Beta, TRRS ndi Vertigo. Makampani amene alimbikira four-stroke ndi Montesa, ndi Beta imene imapanga mitundu yonse iwiri. Ndiye ine ndimaona chonchi: Bou watsimikiza kuti four-stroke siikulepheretsa kupambana, koma sanatsimikize kuti aliyense akakwera four-stroke azikwera bwino.

Pali tinthu tina ta Cota 4RT timene muyenera kudziwa, chifukwa timadabwitsa ngakhale amakaniko. Ilibe kabuleta, mafuta amapopedwa ndi jekiseni woyendetsedwa ndi kakompyuta, komanso ilibe batire. Magetsi onse amachokera ku injini ikamazungulira. N'chifukwa chake poiliza simuikika mwaukali ngati DT, mumaponda pang'onopang'ono mpaka pansi, dzanja osakhudza moto n'komwe. Mukangoupotoza moto siilira, mudzatuluka thukuta pachabe. Pa chifukwa chomwecho, ikamalira yokha imakhala pamwamba, kuzungulira pafupifupi 1,800 pa mphindi, ndipo makaniko wosadziwa akaitsitsa kuti imveke bwino, imayamba kuvuta kulira. Ena amadandaula kuti kulira kwapamwambako kumawakankha pokhota malo opanikizika, motero chala chimayenera kukhala pa kilatchi nthawi zonse. Koma pa kulimba, ngakhale amene saikonda amavomera kuti imakhalitsa, ndipo sufunika kusakaniza oyilo mu petulo.

Tsopano tibwere kwathu kuno, ndipo ndilankhula mosabisa chifukwa ndi ndalama zanu za thukuta. Njinga imeneyi si ya ntchito. Thanki yake imalowa malita awiri okha, moti ulendo wa ku Chiponde kupita ndi kubwerera simungaumalize osathira ena. Palibe pokhala inu, nanji kasitomala kapena dengu la usipa. Magiya atatu oyamba ndi afupiafupi kwambiri, opangira kukwawa, ndipo pa tala injini imangolira osapita patali. Matayala ake ofewa aja pa msewu wotentha wa Okutobala sachedwa kutha. Chikweza cha Chowe chili ndi tala, Boxer kapena Lifo wanu amakwera kale bwinobwino. Mchenga wa njira ya ku Makanjira umafuna liwiro ndi kulemera kumbuyo, zinthu zimene njinga ya trials sinapangidwire. Zambiri mwa izo zilibenso zofunika pa msewu monga maindiketa ndi poika nambala, ndiye pa rodibuloko simudutsa.

Nkhani ya masipeya ndiyo imandidetsa nkhawa koposa. Amakaniko athu a pa boma ndi aluso, injini ya kabaza amaimasula n'kuimanga tsiku limodzi, koma pampu ya mafuta ya jekiseni kapena kakompyuta kaja kakafa, palibe shopu ya kuno imene mungakapeze. Mudzadikira wina wochokera ku Joni, njinga ili gone m'nyumba. Komanso mafuta a m'mabotolo amene timagula m'mbali mwa msewu petulo akasowa, nthawi zina amakhala ndi zinyalala kapena madzi. Kabuleta umaitsuka n'kupitiriza ulendo, jekiseni sakhululuka chotero. Onjezani kutentha kwa kunyanja kuno: njinga yoyenda pang'onopang'ono siipeza mphepo, imadalira karediyeta kakang'ono ndi fani yake, ndiye faniyo ikangofa injini ili pangozi.

Ngati cholinga chanu ndi kufika kumidzi ya kumapiri nthawi ya mvula mutanyamula katundu, yang'anani njinga monga Yamaha AG200 kapena Honda XL125, zimene mabungwe akhala akugwiritsa ntchito m'dziko muno. Ndi za four-stroke, zimakoka bwino pa moto wochepa, zili ndi chishalo ndi kaliyala, ndipo amakaniko amazidziwa. Kugwira pansi kumene okwera trials amakutamanda mudzakumva ndithu pa njinga zimenezi, pa mlingo wake.

Ndipo luso la trials mukhoza kuyamba kuliphunzira mawa pa njinga imene muli nayo, pabwalo lopanda anthu, chipewa chili kumutu. Imirirani pa zopondera, mawondo omasuka, yendani pang'onopang'ono mmene mungathere osaponda pansi. Ikani miyala iwiri muzizungulira ngati nambala 8, chala chimodzi pa kilatchi, china pa buleki, maso kumene mukupita osati pa tayala. Ine zimenezi zinandithandiza kuposa china chilichonse, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pa matope kapena pa kamlatho ka mitengo ndimaona phindu lake. Kwa munthu wonyamula miyoyo ya anthu tsiku ndi tsiku ngati inu, luso limeneli n'lofunika zedi.

Koma ngati mtima wakanirira, ndipo mwapeza ndalama yapadera yoti mugule ya masewera chabe, pa miyala ya kumapiri a Namwera ine ndingasankhe four-stroke kwa munthu wozolowera kale injini yotere ngati inu, chifukwa dzanja lanu likudziwa kale mmene imakokera mukatseka moto. Amene akukaguleniyo mumuuze ailize ili yozizira, aiyendetse mpaka itenthe, aone ngati fani ikuzungulira yokha, aizimitse n'kuilizanso ili yotentha. Ayang'ane pansi pa injini ngati chitsulo chotchinga miyala sichinaphwanyike n'kukhudza injini, ndipo pobwera asaiwale kutengeratu mafyuluta a oyilo ndi a mpweya, mapulagi ndi zogwirira za buleki ndi kilatchi zapadera, chifukwa zimenezi ndizo zimathyoka msanga munthu akamaphunzira.