Alamu, babu la 100 lija lisiyeni kaye

Ee, alamu, mwaswera bwanji ku Ulongwe kumeneko? Uthenga wanu ndaumva. Mwati nyali yakutsogolo ya kumanzere ya Hilux ija yafanso, mukaika babu latsopano silikukhalitsa, ndiye mukufunsa ngati mugule la mphamvu la 100 watts kapena ma LED aja akugulitsidwa kumsika. Mwatinso indiketa ikuphethira mothamanga. Chabwino, ndalamazo zisungeni kaye m'thumba, mundimvere.

La 100 lija ayi. Zulani babu lakufalo, muwerenge pachitsulo chake chapansipo. Mupeza palembedwa H4, 12V, 60/55W. 60 ndi ya fulu, 55 ndi ya dimu, timawaya timakhala tiwiri mkatimo, n'chifukwa chake nthawi zina dimu imafa fulu ikuyakabe. Mawaya ndi pulagi za galimotoyo anazipangira moto wochuluka choncho basi. Mukaikapo la 100, pulagi ya mabowo atatu ija imatentha, pulasitiki n'kuyamba kusungunuka, mawa muzidzafuna makaniko wa zamagetsi m'malo mwa babu.

Tsono chondiganizitsa ine n'chakuti ikufa ndi ya kumanzere yokha. Akanakhala mababu onse akupsa, tikanakayikira alternator, chipangizo chotchaja batire chija. Imeneyo amayeza pabatire injini ikulira, ziyenera kukhala cha m'ma 14 volts, zikafika 15 kupita m'mwamba ndiye kuti ikuwotcha mababu. Koma mbali imodzi yokha? Vuto lili pomwepo panyaliyo.

Muyambe ndi pulagi. Muizule, muisuzumire mkati pounika ndi foni. Ngati yada, kapena tizitsulo tamkati tatuwa ndi dzimbiri, kapena ikulowa mosalimba, wakuba ndi ameneyo. Pulagi yotere imatenthetsa mano a babu, ngakhale mutagula babu lodula silichedwa. Mapulagi amagulitsa paokha, amangodula yakaleyo n'kulumikiza ina.

Kenako muone galasi la nyaliyo m'mawa. Likakhala ndi timadontho mkati, madzi akulowa, ndipo kawirikawiri amalowera kumbuyo, pa chilabala chovindikira babu chija. Anthu ambiri akasintha babu amachibwezera mopotoka, ena amachitaya kumene poti chimavuta kulowetsa. Zambiri zimalembedwa TOP, mawuwo aloze kumwamba. Ndi chifunga cha kwanuko mu June ndi July, kuphatikizapo fumbi la njira ya ku Tsangano, nyali yopanda chilabala siingakhale bwino.

China, ndipo apa ndikukayikira inuyo alamu, musakwiye. Mumaligwira bwanji babulo? Galasi la babu la mtundu wanuwo, la halogen, saligwira ndi zala. Thukuta ndi mafuta am'manja zimatsalira pagalasipo, babu likatentha malo amenewo amapsa kwambiri, galasi n'kutupa kapena kuda, basi lafa. Gwirani kuchitsulo. Mukaligwira mwangozi, lipukuteni ndi kansalu koyera konyowetsa ndi sipiriti, liume, muziika.

Kuikako sikovuta. Zimitsani nyali, dikirani lizizire chifukwa limawotcha zedi. Tsegulani boneti, zulani pulagi, chotsani chilabala, kanikizani kawaya kopanira kaja kamasuke. Babu lili ndi timakutu titatu, limakhala njira imodzi yokha, musalikakamize. Likakhala bwino, panani kawayako mpaka kakole. Kakapanda kukola, babu limangonjenjemera m'mabampu, kawaya kamkati n'kuduka, kuwalanso kumaloza kumitengo.

Aa, ndisaiwale. Mukamagula kuno ku Moatize kapena ku Zóbuè, muwerenge pabokosi. Msewu wa N7 ndi wa mathiraki, ndiye m'mashopu mwadzaza mababu a 24V, ndipo amaoneka chimodzimodzi ndi anu. Mukaika limenelo limangoyaka mofiira ngati koloboyi. Lanu ndi 12V. Mugule awiri, musinthe mbali zonse kuti kuwala kufanane, lakale lamoyolo mulikulunge likhale la sipeya.

Za ma LED otchipawo, ine sindiwakonda. Mbale yonyezimira ya mkati mwa nyali yanu anaiumba kuti itole kuwala kuchokera pomwe pamakhala kawaya ka babu. LED ikalowa m'menemo kuwala kumamwazika, mukaima kutsogolo mumati koma ndiye yawala, koma pamsewu simuona patali, mumangothobwa m'maso anzanu obwera kutsogolo. Njira ya ku Calómuè ija usiku muli njinga, njinga zamoto, ngolo zopanda nyali. Womuthobwa m'masoyo ndi amene angakugundeni kapena kugunda wapanjinga. Ndipo kumbukirani, mukapakira matumba a mbatatesi kumbuyo kumatsika, mphuno n'kudzuka, dimu yanu imasanduka fulu kwa anthu. Madzulo muimike galimoto pamalo osalala moyang'ana khoma, muone ngati nyali ziwirizo zikugwera mzere umodzi. Kumbuyo kwa nyali kuli masikuluu okwezera ndi kutsitsira.

Indiketa ndiye nkhani yaing'ono. Ikamathamanga choncho ndiye kuti babu limodzi mbali imeneyo lafa. Yatsani, tsikani, zungulirani, muliona. Ndi la 21 watts. Mukadali komweko muonenso za mabuleki. Mwana aponde inu muli kumbuyo, kapena mubwerere chafutambuyo kufupi ndi khoma usiku, muone pagalasi ngati mbali zonse zikufiira. Babu la pamenepo nthawi zambiri ndi la 21/5, la timawaya tiwiri, lakalelo mulitenge popita kukagula chifukwa ena ndi opotokola, ena ongosomeka. Mukaona kuti poyatsa indiketa nyali ya buleki nayonso ikuphethira, mababu alibe mlandu, ndi waya wopita kubodi amene wachita dzimbiri, mupale ndi sandipepa mumangenso. Zikafa mbali zonse nthawi imodzi, yambani ndi fyuzi, ndipo mubwezerepo ya nambala yomweyo, osati kawaya kapena pepala la fodya. Kababu ka panambala kaja nakonso muziyang'ana, apolisi apamsewu sakaiwala, mungalipire multa pa kanthu kakang'ono.

Ndiye mawa kukacha mujambule pulagiyo mkati, ndi babu lakufalo, mutumize muno ndione. Ikakhala yopsa ndikugulirani kuno, ndipatsira wa chapa, minibasi ya ku Ulongwe ija. Mupereke moni kwa achemwali ndi ana.