Apongozi akubwera, ine nyama ndinasiya

Lachiwiri usiku ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Akuti anasiya nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, amafuna zakudya zolimidwa popanda feteleza ndi mankhwala, ndipo apongozi ake akubwera kudzakhala masabata awiri. Funso lake ndi lakuti: "Ndiike chiyani m'malo mwa zimenezi kuti asakanene kumudzi kuti mwana wawo akugona ndi njala?"

Achemwali, mwandikumbutsa tambala wa azakhali anga.

Nditangosiya nyama ndinapita kwathu ku Dedza. Ndisanakhale n'komwe pamphasa, azakhali anali atatuma kale ana kuti athamangitse tambala wofiira. Ndinamumva akulira kuseri kwa nkhokwe, ndipo pamene ndinkasakasaka mawu oti ndinene, madzi omusosolera anali atawira. Nsima itabwera ndinalankhula motsitsa: "Zakhali, ine nyama ndinasiya." Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa ngati ndalowa mpingo wina kapena a dokotala andipeza ndi matenda. Mukudziwa inunso kuti kwathu kukana nkhuku imene akuphera n'kukana amene akuphera. Nthutumba inali itayikidwa pambali, ya ine mlendo. Ndinadya. Inde, ndinadya, ndipo anzanga ena a pa Facebook amene amalalikira za kusadya nyama sindinawauze mpaka lero.

Koma chimene chinanditsegula m'maso chinachitika m'mawa mwake. Azakhali anabweretsa nkhwani wotendera, wa masamba anthete othyola m'munda mwawo, nsinjiro zake zosinja okha mumtondo. Pambali pake panali chipere cha nyemba. Akutula mbalezo anati, "Pepa mwanawe, lero kulibe ndiwo." Kulibe ndiwo! Chakudya chokoma kuposa china chilichonse chimene ndinadya mwezi umenewo, iwo ankachipepesa.

Nthawi imeneyo n'kuti ine ndikumwaza ndalama m'sitolo ina yaikulu ku Blantyre. Ndinkagula mkaka wa m'katoni wopangidwa ndi almond, mtedza wina wakunja, ndi masoseji opanda nyama ochokera ku South Africa amene ankakoma ngati chikatoni chawo chomwe. Mtengo wa katoni imodzi ya mkakawo ukanandigulira mtedza wodya mlungu wathunthu. Pambuyo pake ndinadzadziwa kuti pafupifupi 80 peresenti ya almond wa padziko lonse amalimidwa ku California. Ndiye kuti ine, mwana wa dziko limene mtedza umachita kuyanikidwa pabwalo ku Mchinji ndi ku Kasungu, ndinkathira mu tiyi mtedza wowoloka nyanja.

Apa ndiye ndimakwiya, ndipo mundikhululukire. Mawu akuti vegan, onena za munthu wosadya nyama, mazira, mkaka ndi chilichonse chochokera ku nyama, anawapanga Donald Watson ndi anzake ku England mu 1944. Kumeneko anthu anazolowera batala, tchizi ndi mkaka pachakudya chilichonse, choncho kuti asiye anafunikadi kupeza zolowa m'malo. Ife vuto limenelo tangobwereka. Agogo athu ankadya nyama pa Khirisimasi, paukwati, pamaliro ndi pobwera mlendo, masiku ena onse kunali chigwada, bonongwe, chisoso, therere la chidulo, khobwe, nandolo, nzama, mfutso m'chilimwe. Palibe chimene ankalowetsa m'malo mwa chinzake. Tinangophunzitsidwa kuti zimenezi ndi zaumphawi, ndiye munthu akayamba ntchito m'tauni amazithawa, kenako n'kudzazigulanso zitavala pulasitiki ndi dzina lachingerezi.

Ngakhale "nyama" yopanda nyama si yachilendo kuno. Amene mwakhalako ku Zambia kapena kumpoto kwathu mukuchidziwa chikanda, ena amati chinaka: timizu tozungulira ta maluwa a m'dambo, nsinjiro, soda ndi tsabola, kuphika mpaka kulimba moti amadula ndi mpeni ngati poloni. Ndimachikonda, koma ndinachepetsa, chifukwa maluwa amenewa amakumbidwa kutchire ndipo akutha. Chinthu chingakhale chopanda magazi koma n'kuwonongabe chilengedwe.

Pa nkhani ya zolimidwa popanda mankhwala, musanamizidwe ndi chizindikiro chobiriwira papaketi. Masoya pisi, amene tonse tinapulumukirapo kusukulu yogonera, ndi soya wofinyidwa mafuta n'kuumbidwa ndi makina pamoto waukulu, ndipo kapaketi ka supu kamene kamakhala m'katimo kamadzadza mchere. Ndi chakudya chomanga thupi ndithu, koma si cha m'dimba mwa agogo. Nyemba za pamsika nazo nthawi zambiri zimathiridwa mankhwala a anankafumbwe posunga. Njira yokhayo imene ine ndinapeza ndi kudziwana ndi wolima. Ndili ndi mayi mmodzi amene amathira manyowa okhaokha, ndipo ndimagula kwa iye ngakhale masamba ake atakhala oboola mbozi. Mtedza usankheni bwino: wovunda, wofota kapena wa chuku tayani, chifukwa chukucho chili ndi poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuthetsa.

Tsono muphike chiyani?

M'malo mwa nyama: bowa. Nyengo ya mvula ikafika gulani utale kapena manyame kwa amayi odziwa amene amagulitsa m'mbali mwa msewu wa M1, osathyola nokha. Wowuma muviike, mukazinge ndi anyezi mpaka afiire, kenako tomato. Masoya pisi muwaviike m'madzi otentha, mufinye, mukazinge kaye paokha asanalowe mumsuzi, apo ayi amakhala ngati siponji.

M'malo mwa mkaka: viikani soya usiku wonse, tsukani makoko achoke, pogani ndi madzi, sefani pansalu yoyera, muwiritse mphindi zosachepera 20 mukutakasa. Soya wosapsa amatupitsa m'mimba. Mukafinyira mandimu mumkaka wotenthawo umagwirana, mukaupanikiza pansalu ndi mwala mwapeza tofu. Phala la m'mawa lingofuna nsinjiro kapena ufa wa malambe.

M'malo mwa mazira pophika makeke: nthochi yakupsa kwambiri yonyenya, theka la nthochi pa dzira limodzi. Zitumbuwa sizinafunepo dzira chiyambire. Pabuledi pakani mapeyala kapena chiponde.

Chimodzi chimene zakudya zimenezi sizingakupatseni ndi vitamini B12. Mumasamba ndi munyemba mulibe, ndipo akasowa nthawi yaitali magazi amachepa, mitsempha imawonongeka, manja ndi mapazi amachita dzanzi. Mapiritsi ake amapezeka ku famase. Ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa, kambiranani ndi a chipatala musanapitirire.

Za apongozi, musawasandutse ophunzira anu. Tsiku lofika, amuna anu agule nkhuku ya lokolo, iphikidwe mumphika wake, nthutumba ipite kwa mayi awo. Inu mukhale nawo pamphasa ndi nkhwani wanu wotendera, ndipo muphike wambiri, chifukwa azakhali anga aja atabwera kwanga chaka chatha anasiya ntchafu ya nkhuku m'mbale n'kumapisa dzanja mu bowa wanga, uku akudandaula kuti mchere wachepa.